Nkhungu m'thanki ya chinkhanira chokumba una: lipoti la nkhani imodzi

Nkhani iyi ndi ya chinkhanira cha mtundu wa Pandinus imperator, chija chachikulu chakuda bii chochokera m'nkhalango za kumadzulo kwa Africa, m'maiko monga Ghana ndi Togo. Chinkasungidwa m'thanki yagalasi m'nyumba ina yosanja kumpoto kwa England. Mwini wake anali mnyamata wa ku sekondale, wa m'banja lolankhula Chichewa, ndipo amayi ake ndi amene anandipeza chifukwa ankadziwa kuti ntchito yanga ndi yosamalira tizilombo toweta ta mtundu umenewu. Ndalemba lipotili poganizira anzanga ogwira ntchito m'masitolo a ziweto, m'malo osungira nyama ndi m'masukulu, chifukwa nkhungu m'dothi la tizilombo tokumba una ndi vuto limene anthu amabwera nalo kawirikawiri, ndipo ambiri amafika ataliwonjezera kale poyesa kulithetsa.

Chiwetocho ndi mmene ankachisungira

Chinkhanira cha mtundu umenewu chikakula chimafika pafupifupi masentimita 20. Mbola yake si yoopsa kwenikweni kwa munthu wamkulu wathanzi, nchifukwa chake lamulo la ku Britain la mu 1976 lokhudza nyama zoopsa silifuna chiphaso pochisunga, kusiyana ndi zinkhanira za ululu woopsa za banja la Buthidae. Malonda ake pakati pa maiko amayang'aniridwa ndi pangano la CITES, loteteza nyama ndi zomera zakuthengo kuti malonda asazithe. Kwawo chimakhala pansi pa mitengo yogwa ndi m'mauna, pamalo ofunda komanso a chinyezi, ndipo oweta amayesetsa kuchipatsa kutentha kwa madigiri 25 mpaka 30. Chimapumira m'timabowo tisanu ndi titatu ta kumimba, ndiye kuti chilichonse chimene chili m'dothi chili pafupi kwambiri ndi popumira pake.

Cha mnyamatayu chinali chisanakule. Kathumba ka mbola kanali kotuwirako, pomwe ka chachikulu kamakhala kofiirira. Mfundo imeneyi ndi yofunika pa zonse zotsatira, chifukwa chinkhanira chosakula chimafundula, pomwe chachikulu sichifundulanso moyo wake wonse.

Thanki inali ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 kutalika, yokhala ndi chivundikiro cha sefa pamwamba, popanda bowo lililonse m'mbali. Dothi linali ulusi wa makoko a kokonati wokhawokha, uja umagulitsidwa ngati njerwa youma n'kumafufuma ukauviika, ndipo unali wozama pafupifupi masentimita 14. Munali chigobu cha mtengo wa mpesa, mbale ya madzi, ndi kachipangizo koyezera chinyezi ka muvi, kotsika mtengo, komatidwa pagalasi. Kamkeka kamagetsi kotenthetsera kanali pansi pa thanki mbali ya kumanzere, popanda thermostat, kachipangizo kozimitsa kamkekako kutentha kukafika pa mlingo wotcheredwa. Thankiyo inali pa tebulo logunda zenera.

Zizindikiro zoyamba

Kumayambiriro kwa Novembala, nyumba zitayamba kutenthetsedwa, mnyamatayo anaona kuti muvi wa kachipangizo kaja ukuloza pa 65. Pa pepala limene anamupatsa pogula chiwetocho panalembedwa kuti chinyezi chizikhala 80. Anayamba kupopera madzi m'mawa ndi madzulo. Muviwo utakana kukwera, anakuta sefa yonse ya pamwamba ndi pulasitiki yopyapyala yokulungira chakudya. Pasanapite nthawi, pa chigobu cha mpesa panamera ubweya woyera.

Apa ndi pamene banjali linachita chimene anthu ambiri amachita. Anachotsa chinkhaniracho, nataya dothi lonse, natsuka thanki, naphika chigobucho m'madzi owira, ndipo dothi latsopano analiwotcha mu uvuni kuti, m'mawu a amayiwo, majeremusi onse afe. Anabwezeretsa zonse mmene zinalili, pulasitiki ndi kupopera komwe. Patangotha sabata ndi theka nkhungu inabwerera, ndipo ulendo uno siinali pa chigobu pokha. Inayala pamwamba pa dothi lonse, yoyera m'mbali, yobiriwira pakati. Nthawi yomweyo chinkhaniracho chinasiya kudya, chinakumba una watsopano, n'kutseka khomo lake ndi dothi. Mnyamatayo, poganiza kuti njala ichitulutsa, ankaponyamo nkhululu zamoyo usiku uliwonse, ndipo pofuna kuti nkhululuzo zisafe, ankaziikira gaga ndi timapisi ta karoti m'thanki momwemo.

Zimene ndinapeza

Chinthu choyamba chinali fungo. Dothi labwino la m'thanki limanunkhira ngati pansi pa mitengo mvula itagwa. Ili linali ndi fungo la chuku, ndipo nditabaya kamtengo mpaka pansi pa ngodya ya kumanja n'kukanunkhiza, kanali ndi kafungo ka dzira lowola. Fungo limenelo limatanthauza kuti pansi pali madzi odikha, mpweya sukufikako, ndipo mabakiteriya osafuna mpweya ayamba ntchito. Poyang'ana pagalasi, madziwo ankaoneka ngati mzere wakuda wozama pafupifupi masentimita awiri mbali ya kumanja. Mbali ya kumanzere, pamwamba pa kamkeka kamagetsi, dothi la pansi linali louma gwa. Kamkekako kankaumitsa pansi n'kukweza nthunzi m'mwamba, nthunziyo inkagunda pulasitiki ndi galasi lozizira la kuzenera, n'kusanduka madontho amene ankatsetsereka kubwerera m'dothi. Madziwo ankangozungulira momwemo, osatuluka, ndipo tsiku lililonse ankawonjezeredwa kawiri.

Nkhungu inali yamitundu itatu. Pa nkhululu ziwiri zakufa pansi pa chigobu panali ubweya wautali wotuwa wokhala ndi timitu takuda kunsonga, maonekedwe a nkhungu za gulu la Mucor ndi Rhizopus, zimene zimathamangira chakudya chowola. Pa dothi ndi pa chigobu panali yoyera yosanduka yobiriwira, mmene imachitira Trichoderma, imene imakonda ulusi wa kokonati ndi mitengo yonyowa. Pa gaga panali timadontho ta ufa wobiriwira motuwira, ndipo gaga yemweyo ankayendayenda ndi nthata zoyera zing'onozing'ono zija zimapezeka m'matumba a ufa wosungidwa ponyowa.

Kachipangizo koyezera chinyezi ndinakayesa ndi mchere. Njira yake ndi yosavuta ndipo aliyense wogulitsa zinthu zimenezi ayenera kuidziwa. Mumadzaza kachitsekero ka botolo ndi mchere wa patebulo, n'kudonthezera madzi pang'ono kuti unyowe koma usasungunuke wonse, kenako mumatsekera kachitsekeroko ndi kachipangizoko m'thumba la pulasitiki losalowa mpweya usiku wonse. Mchere wonyowa chotero umasunga chinyezi cha mkatimo pa 75. Ka mnyamatayu kanaloza pa 58. Ndiye kuti pamene iye ankaona 65 n'kumada nkhawa, chinyezi chenicheni chinali chitapitirira kale 80. Vuto lonseli linayamba ndi nambala yabodza.

Chinkhanira chenichenicho ndinachiona chifukwa una wake unadutsa m'mbali mwa galasi lakutsogolo, pakatikati pa thanki, pamene dothi silinali louma kwambiri kapena lonyowa kwambiri. Ndi tochi ya kuwala kofiira, kamene sikachivutitsa kwenikweni, ndinaona thupi litafufuma, zigamba zakuda za kumsana zitatalikirana moti khungu lotuwa la pakati pake linkaonekera. Miyendo inali yotambasuka bwino, siinapindikire pansi pa thupi. Makoma a unawo anali oyera, opanda ulusi wa nkhungu. Chinali chikukonzekera kufundula. Kusadya kwake ndi kudzitsekera kwake sizinali chifukwa cha nkhungu ayi.

Panalinso chinthu china chimene sichinali m'thanki. Pa tebulo panali kampope ka mphumu. Nditafunsa, amayiwo anati mnyamatayo ali ndi mphumu kuyambira ali wamng'ono, ndipo masabata amenewo ankatsokomola usiku. Thankiyo inali m'chipinda chake chogona.

Chosankha chachikulu: kukumba kapena kusakumba

Amayiwo ankafuna kuti zonse zitayidwe tsiku lomwelo. "Achimwene, mwanayu ndi amene ndikumudera nkhawa," anatero. "Chotsani dothi lonseli tiyambirenso." Mnyamatayo anali chete, kenako anafunsa kuti, "Ankolo, tikachikumba sichifa?"

Mafunso onse awiri anali oyenera, ndipo ankakokera kosiyana. Chinkhanira chimene chatsala pang'ono kufundula chimakhala chitayamba kale kulekanitsa chikopa chakale ndi chatsopano mkati. Chikasokonezedwa, chikagwetsedwa, kapena chikaikidwa pa dothi lachilendo lopanda una, chikhoza kuyamba kufundula pamalo owuma n'kukanirira pakati, ndipo chikakanirira nthawi zambiri chimafa kapena kutaya ziwalo. Mosiyana ndi ya akangaude, miyendo ya chinkhanira siphukanso bwino. Kumbali inayo, nkhungu zimene ndinaziona ndi zodya zinthu zakufa. Sizithamangira nyama yamoyo yathanzi. Choopsa chake chimabwera pamene zafika pa chiweto chofewa chongofundula kumene, pamene chili ndi bala, kapena pamene mpweya wa pansi waipiratu. Kwa munthu wa mphumu, njere za nkhungu zouluka mumpweya ndi nkhani yosaseweretsa, ndipo kukhuthula thanki yonse m'chipinda chogona ndi njira yabwino kwambiri yozimwazira paliponse.

Tinagwirizana kuti chinkhaniracho sitichikumba, koma mnyamatayo asamuka m'chipindacho n'kumagona pabalaza mpaka nkhungu itatha, ndipo amayiwo akamuonetsa kwa namwino woona za mphumu kuchipatala chawo. Ndinawauzanso momveka zinthu zitatu zimene zikanasintha maganizo anga tsiku lomwelo: ulusi wa nkhungu ukaoneka pa makoma a una, madzi a pansi akakwera kufika pa una, kapena chinkhaniracho chikatuluka chokha n'kumakwera galasi. Mwini chiweto akadziwa malire otere amaleka kukumba mwamseri usiku kuti aone ngati chili moyo.

Kusuntha thanki kuichotsa pazenera ndinakana, ngakhale kuti zeneralo linali gwero limodzi la vuto. Ulusi wa kokonati wokhawokha sugwirana. Una wokumbidwa mmenemo umagumuka thanki ikangopendekeka pang'ono, ndipo thanki ya dothi lonyowa chotero ndi yolemera moti anthu awiri sangainyamule osaigwedeza. M'malo mwake tinalowetsa chigamba cha polystyrene, pulasitiki yoyera yopepuka ija yotchinga kuzizira, pakati pa thanki ndi zenera, kuti galasi la kumbuyo lileke kuzizira.

Ntchito ya tsiku loyamba

Mnyamatayo atatuluka, tinatsegula zenera, ndinavala chophimba kukamwa ndi magolovesi. Nkhungu youma siyenera kukolopedwa kapena kusesedwa. Ndinayala mapepala onyowa pamwamba pake kuti ufa wake usauluke, kenako ndinanyamula chigobu cha mpesa pang'onopang'ono n'kuchiika m'thumba. Mtengo wa mpesa ndi wokongola ndipo umagulidwa kwambiri, koma malo ake ndi m'thanki youma. Pa chinyezi umachita nkhungu ngakhale muuphike kangati. Nkhululu zakufa, gaga ndi karoti zinatsatira. Zamoyo zinali zitatsala zinayi, ndipo zonse ndinazigwira, chifukwa nkhululu yanjala imaluma chiweto chongofundula kumene. Dothi la pamwamba ndinalichotsa ndi supuni, masentimita awiri kapena atatu, ndipo pamwamba penipeni pa una ndinangopalapo pang'ono osatsindika.

Madzi a pansi ndinawakoka ndi jakisoni wamkulu wopanda singano wolumikizidwa ku kapaipi kopyapyala, kamene ndinakalowetsa pa ngodya ya kumanja motsatira galasi. Anatuluka madzi a bulauni onunkha okwana pafupifupi theka la lita. Kapaipiko ndinakasiya pomwepo kuti kadzagwirenso ntchito.

Pulasitiki ndinaichotsa theka lokha, mbali ya kumanja yonyowayo. Kamkeka katsopano kamagetsi tinakamata pa galasi la m'mbali kumanzere, pamwamba pa mzere wa dothi, kolumikizidwa ku thermostat yotchera pa madigiri 27, ndipo kapansi kaja tinakazimitsa katsopanoko katafunditsa kale thanki. Kamkeka ka pansi n'kolakwika kwa chiweto chilichonse chokumba. Kuthengo kutentha kumachokera kumwamba, ndiye chiweto chikamva kutentha chimakumba kupita pansi kuti chikapeze pozizira. M'thanki yotenthetsedwa pansi chimakumba kulunjika kumoto.

Amayiwo anali atagula kale viniga ndi mafuta a tea tree, atawerenga kuti zimapha nkhungu. Ndinawapempha kuti asaike chilichonse mwa zimenezi. Mankhwala opha nkhungu, bulitchi, mafuta onunkhira ndi zina zotero zimalowa m'dothi limene chiweto chagonapo ndi popumira pake. Ndiponso sizikhudza chimene chinaitana nkhunguyo. Amene anasungapo chimanga amadziwa kuti chuku sichichoka chifukwa chopukuta matumba ngati chimangacho chinalowa m'nkhokwe chisanaume.

Pomaliza ndinathiramo ma springtail, tizilombo toyera tosakwana mamilimita atatu timene timadumpha tikakhudzidwa, ta mtundu wa Folsomia candida. Timadya ulusi ndi njere za nkhungu pamodzi ndi zotsalira zowola. Timawetedwa pa makala onyowa, ndipo pothira mumangothira madzi m'kabokosiko, iwo amayandama, n'kuwatsanulira m'thanki. Sitingamalize nkhungu yoyala kale ngati imene inalipo, nchifukwa chake ndinayamba ndi supuni. Ntchito yake ndi kudya yatsopano isanaoneke ndi maso. Ma isopod, tizilombo ta zigamba kumsana todya zowola, amene ambiri amawaphatikiza ndi ma springtail, ndinati adikire. Mitundu yake ikuluikulu ngati Porcellio laevis imakonda nyama ndipo imatha kuluma chiweto chofewa, choncho sindiika isopod wa mtundu uliwonse pamene chiweto chili pafupi kufundula.

Chifukwa chimene kuwotcha dothi kunakulitsira vuto

Mfundo iyi ndi imene amayiwo anavutika nayo kwambiri, ndipo ndi imene ogulitsa ambiri amaiphonya. Njere za nkhungu zili mumpweya wa nyumba iliyonse. Simungazitsekere kunja kwa thanki. M'dothi lamoyo muli mabakiteriya, nkhungu zamitundumitundu ndi tizilombo tosaoneka timene timalimbirana chakudya, ndipo palibe mtundu umodzi umene umapeza mpata wolanda malo onse. Mukawotcha dothi mumapha onsewo, n'kusiya chakudya chonse chili chikhalire, chofunda ndi chonyowa. Njere yoyamba kugwerapo imapeza munda wopanda mwini. Trichoderma imakula msanga kwambiri, ndiye nthawi zambiri ndi imene imafika poyamba. Olima bowa amaidziwa bwino nkhungu yobiriwirayi chifukwa imawalanda matumba awo mwanjira yomweyi.

Sindikunena kuti kuwotcha kulibe ntchito. Masamba ndi makungwa otola kutchire ndi bwino kuwaumitsa mu uvuni kapena kuwaika mufiriji youmitsa kuti mazira a tizilombo tosafunika afe. Koma amene wawotcha dothi lonse ayenera kubwezeramo moyo, apo ayi ayembekezere nkhungu pakatha sabata imodzi kapena iwiri.

Pamene zinatsala pang'ono kulakwika kumbali inayo

Nkhungu inabwerera pang'ono m'makona, ndipo amayiwo ankaichotsa ndi supuni monga ndinawasonyezera. Fungo linatha. Madontho pagalasi anachepa. Poona kuti kuuma kukuthandiza, anachotsa pulasitiki yotsala ija, naleka kuthira madzi, ndipo poti inali Disembala, chotenthetsera chipinda chinkayaka usana ndi usiku. Mpweya wa m'nyumba yotenthetsedwa m'nyengo yozizira ndi wouma kwambiri, ndipo sefa yapamwamba yotseguka yonse imatulutsa chinyezi mofulumira.

Chithunzi chimene mnyamatayo ananditumizira pa WhatsApp, chofuna kundisonyeza kuti nkhungu yatha, n'chimene chinaulula. Ulusi wa kokonati ukanyowa umakhala wakuda, ukauma umakhala wofiirira motuwa, ndipo pagalasi pamaoneka mzere pamene ziwirizi zakumana. Pa chithunzicho mzerewo unali utatsika mpaka pa denga la una. Chikanachedwa masiku ochepa, chinkhaniracho chikanafundula m'dothi louma, ndipo zimenezo zimapha mwachangu kuposa nkhungu iliyonse imene inali m'thankimo.

Ndinawaimbira nthawi yomweyo. Kupopera sikunali yankho, chifukwa kumangonyowetsa pamwamba, pamene nkhungu imamera, n'kusiya pansi, pamene chiweto chili, pouma. Ndinawauza kuti atenge madzi ofunda pang'ono okwana kapu imodzi, awathire pang'onopang'ono motsatira galasi pa ngodya yakutsogolo kumanja, adikire mpaka mawa, aone pamene mzere wafika, ndipo abwereze ngati sunakwere. Cholinga chinali chakuti mzerewo ukhale masentimita atatu kapena anayi kuchokera pamwamba pa dothi, pansi ponse ponyowa, pamwamba pouma. Gawo limodzi mwa magawo atatu a sefa tinalikutanso. Kuyambira pamenepo ndinawauza kuti aleke kuyang'ana nambala ya chinyezi, aziyang'ana mzerewo. Kachipangizo komatidwa pagalasi kamayeza mpweya wa pamwamba, pomwe chiweto chokumba chimakhala mumpweya wa mu una, umene uli ndi chinyezi chakechake.

Kufundula ndi kusamutsa

Chinkhaniracho chinafundula kumayambiriro kwa Januwale. Pagalasi chinkaoneka chotuwa ngati phula, chitagona pambali pa chikopa chake chakale. Tinachisiya osachipatsa chakudya mpaka chitada n'kutsegula una chokha, zimene zinatenga pafupifupi masabata awiri. Amene ali ndi tochi ya UV, ija ya kuwala kwa ultraviolet, akhoza kuona kuti chikopa chakale chimawala mobiriwira pomwe chinkhanira chongofundula sichiwala mpaka chitalimba, koma tochi imeneyo ndi yongounikira kamphindi, si yosiya ikuyaka. Chikopacho tinachichotsa chikangotulutsidwa, chifukwa nacho ndi chakudya cha nkhungu. Ndinayang'ana m'mfundo za miyendo ndi kuzungulira timabowo topumira ngati pali timadontho takuda, chizindikiro chimene oweta zinkhanira amachiopa chifukwa chimasonyeza nkhungu yolowa m'chikopa. Panalibe. Ziwalo zonse zinali zathunthu, ndipo kathumba ka mbola kanali kadakali kotuwirako, kusonyeza kuti kufundula kwina kukubwera.

Chitadya kawiri bwinobwino, tinachisamutsira m'thanki ina yokhala ndi timabowo ta mpweya m'munsi mwa chitseko chakutsogolo ndi sefa pamwamba. Mpweya wofunda ukamatuluka pamwamba umakoka wina kulowa m'munsi, ndipo umadutsa pamwamba pa dothi. Thanki yokhala ndi sefa pamwamba pokha ilibe kayendedwe kameneka, mpweya wa pansi umangokhala. Thanki yatsopanoyo inaikidwa pabalaza, pa khoma la mkati, kutali ndi zenera ndi chotenthetsera, ndipo siinabwererenso m'chipinda chogona.

Dothi tinasakaniza chotere: magawo anayi a dothi la m'munda logulitsidwa m'matumba, lopanda feteleza, manyowa kapena mankhwala ophera tizilombo; magawo atatu a ulusi wa kokonati; gawo limodzi la mchenga; ndi gawo limodzi la dothi la makande kuti una uzigwira. Tinaonjezera ndere za sphagnum zong'ambang'amba ndi timakala tophwanya pang'ono. Poyesa chinyezi mumafumbata dothi n'kufinya mwamphamvu. Liyenera kugwirana ngati mbamu osadontha madzi. Likadontha, lanyowetsa. Tinalitsindira m'magawo mpaka masentimita 16. Miyala ya pansi yosungira madzi, imene ambiri amaika m'mathanki a achule ndi zomera, sindiika kwa chiweto chokumba, chifukwa chimakumba mpaka kuipeza, n'kung'amba sefa yolekanitsa, ndipo una wake umathera pamadzi. Kapaipi ka pa ngodya kamagwira ntchito yomweyo ngati madzi achuluka.

Pobisala tinaika khungwa la cork, limene silimwa madzi msanga ndipo limakhalitsa osawola. Pamwamba tinamwazapo masamba ouma a oak. Kenako ndinasakanizamo dothi lodzaza manja awiri lochokera m'thanki yanga yakale yathanzi, ma springtail ambiri, ndi ma isopod ang'onoang'ono oyera a mtundu wa Trichorhina tomentosa, amene amakhala m'dothi, amakonda pofunda ponyowa, ndipo amaswana popanda amuna.

Ndinachenjezeratu banjali kuti m'masabata oyamba ubweya woyera udzaoneka pa masamba ndi pa khungwa, ndipo asadzachite mantha. Thanki yatsopano iliyonse imadutsa pamenepo pamene tizilombo todya nkhungu tisanachuluke. Chenjezo limeneli ndi lofunika kwambiri kuposa mmene limamvekera, chifukwa mwini amene sanauzidwe amakhuthula thanki pa nthawi yomwe inatsala pang'ono kukhazikika, n'kubwerera poyambira. Ubweyawo unaonekadi, pa masamba awiri atatu, ndipo unazimirira wokha mwezi usanathe.

Kadyetsedwe nako kanasintha. Nkhululu imodzi kapena mphemvu imodzi ya dubia pa sabata, yoperekedwa madzulo ndi chopanira, ndipo ikapanda kudyedwa imachotsedwa m'mawa. Zakudya za nkhululu zimakhala m'bokosi la nkhululu. M'mawa wotsatira kudya mnyamatayo amafunafuna zotsalira, miyendo ndi mapiko zimene chinkhanira chimakankhira pakhomo pa una kapena pafupi ndi mbale ya madzi. M'mathanki ambiri amene ndaonamo nkhungu, poyambira pake pamakhala pa kanthu kakang'ono kotere kamene kanaiwalika pansi pa khungwa.

Zotsatira

Chifuwa cha usiku cha mnyamatayo chinachepa atasamuka m'chipinda chija, ndipo namwino anamusinthiranso kamwedwe ka mankhwala nthawi yomweyo. Iye sagwiranso ntchito yotakasa kapena kusintha dothi. Imeneyo amachita amayi ake, zenera lili lotsegula.

Mu Febuluwale munabwera tintchentche takuda ting'onoting'ono timene mphutsi zake zimadya nkhungu m'dothi lonyowa. Tinatchera mapepala omata kunja kwa thanki, pamwamba pa sefa, ndi kusiya pamwamba pa dothi kuti paume pang'ono. Nthata zolusa za Stratiolaelaps scimitus, zimene alimi amagwiritsa ntchito pa tintchentche timeneti, sitinaike chifukwa zimadyanso ma springtail. Tintchentcheto tinachepa ma springtail atachuluka.

Mu Epulo, kunja kutayamba kufunda, pa ngodya yothirira madzi panamera tibowa titatu tachikasu chowala, ta mtundu wa Leucocoprinus birnbaumii, tija timamera m'miphika ya maluwa a m'nyumba. Kwa chinkhanira tilibe vuto, koma ndi tapoizoni tikadyedwa, ndipo m'nyumbamo muli mwana wamng'ono. Amayiwo amatizula tisanatambasule zipewa, ndipo chitseko cha thanki chinaikidwa loko. Ulusi wake wachikasu ukuonekabe pagalasi m'munsi mwa dothi, kutali ndi una, ndipo tinagwirizana kuusiya. Madzi amathiridwa pa ngodya pamene mzere watsika, zimene m'nyengo yotenthetsa nyumba zimachitika pafupifupi sabata iliyonse, m'chilimwe mocheperapo. Nkhungu yobiriwira ija siinabwererenso, ndipo dothi limene tinaika mu Januwale silinasinthidwe.